Mutu Ulibe Mlandu, Funsani Khosi

Pali matenda amene ife a mu Lusaka tinaleka kuwayesa matenda. Ni mutu uja umene umayamba cakumasana kumbuyo kwa khosi, n'kukwela pang'onopang'ono mpaka pamphumi, ndipo pofika 17 hours umamveka monga munthu wakumangani duku yothina. Mukapatsa moni mnzanu mu basi, yankho ni lakuti, "Tiliko cabe, koma mutu unibaba." Poseluka apita pa kantemba, agula Panado, ameza, agona. Mailo nkhani ni imodzimodzi.

Ine nikamba kuti ambili a ife timwela mankhwala malo olakwika. Mutu ndiwo ulila, koma womenyedwa ni khosi na mapewa. Ndipo amene awamenya ni ife eni ake, mothandizana na mpando wa mu basi, foni na nkhawa za mu tauni.

Mutu wa munthu wamkulu umalemela pafupifupi makilo 5, monga cigubu ca malita 5 codzala madzi. Umakhala pa tumafupa 7 twa m'khosi. Ukakhala bwino pamwamba pa mapewa, mafupa ndiwo amasenza katundu, minofu n'kupumulako. Ukapendekela kutsogolo, minofu ya kumbuyo kwa khosi imayamba kukoka kuti mutu usagwe. Yesani kunyumba: gwilani cigubu ca madzi pacifuwa, ndiyeno citambasuleni kutali na thupi. Madzi ni amodzimodzi, koma dzanja lidzalila musanathe mphindi imodzi. Mu 2014 dokotala wa msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawelengela kuti munthu akawelamitsa mutu kwambili, monga mmene ticitila powelenga foni ili pamiyendo, khosi limamva kulemela kokwana makilo 27. Imeneyo ni saka ya unga ya 25 kg na kapamela pamwamba.

Musanimve molakwa. Kuwelama si cimo, cifukwa khosi linalengedwa kuti lizipinda na kutembenuka. Cimene limadana naco ni kukhala malo amodzi kwa nthawi yaitali. Manje tiyeni tiwelenge tsiku la munthu wokwela basi.

Kuseni acoka ku Chawama, ku Matero olo ku Chelstone. Mzele wa anthu atatu ukhala anayi, kondakita ali, "Four-four kumbuyo, fendelani ba mami!" Phewa limodzi lili kutsogolo, lina lapanikizika kumbuyo kwa mnzako. Pamiyendo pali cikwama olo mwana. Wamtali amene wakhala kumbuyo apinda khosi kuti asagunde denga, ndipo hampu iliyonse imukumbutsa. Dzanja limene latsala ligwila foni pansi, pafupi na mimba, kuopa amene atsomphola pa windo. Ena amawodzela, mutu n'kumalendewela monga dzungu pa mpanda. Akafika mu tauni, wina alowa mu kabuthi ka mobile money, wina awelamila makina osokela, wina aluka tsitsi mu saluni, wina ayang'ana kompyuta imene ili pansi kwambili, mayi wina asenza saka pamutu ku Soweto. M'madzulo ayembekeza basi idzale pa Kulima Tower olo pa City Market, kenako akhalanso mu jamu ya pa Great East Road. Pa maola onsewa, ni liti pamene khosi linawongoka?

Amene nimamvela cifundo kuposa onse ni kondakita. Timakangana naye pa za chenji tsiku lililonse, koma muyang'aneni bwino. Basi ikadzala alibe mpando. Amaima pakhomo atapinda msana, khosi litakhota pansi pa denga, kucokela kuseni mpaka usiku. Mnyamata wa zaka 20 akwanitsa. Thupi lake likulemba nkhongole imene adzalipila akadzakula.

Onjezelanipo nkhawa. Munthu akaganiza za lendi, za mtengo wa unga, za malaiti amene apita, mapewa amakwela okha kufuna kugunda makutu, ndipo mano amalumana iye osadziwa. Yesani pompano pamene muwelenga: tsitsani mapewa, lekanitsani mano. Ngati mwamva kusintha, ndiye kuti munali womangika.

Mutu wa mtundu umenewu madokotala amaucha tension headache, ndipo ndiwo wofala kwambili pa mitu yonse padziko lapansi. Umagwila mbali zonse ziwili, umapanikiza m'malo mogunda, susanzitsa, ndipo munthu akhoza kupitiliza nchito olo kuti ni movutikila. Nthawi zambili mukadina minofu ya pakati pa khosi na phewa, olo pansi pa nkhongo, mumapeza malo owawa. Usiyana na migraine, umene umakonda mbali imodzi, umagunda monga ng'oma, umabweletsa mselu, ndipo wodwala amathawa kuwala na congo.

Apa niyenela kukamba mosapita m'mbali, cifukwa si mutu uliwonse umene ucokela ku mpando wa basi. Mutu ukabwela na kutentha thupi, kapimitseni malungo. Ukabwela na kutentha thupi komanso khosi louma losapindika, thamangilani kucipatala tsiku lomwelo, pakuti ukhoza kukhala meningitis, ndipo amene ali na HIV afunika kusamala kwambili pa cizindikilo cimeneci. Mutu wogwa mwadzidzidzi monga mphezi, wowawa kuposa uliwonse umene munamvapo, olo wobwela na kufooka kwa dzanja, kukhota kwa kamwa na kulephela kukamba bwino, suyembekezela kuti kuce. Cimodzimodzi mutu olo khosi pambuyo pa ngozi ya pamsewu, mutu wa mayi wapakati amene watupa ndipo aona mwacimbuuzi, na mutu wacilendo umene wayamba munthu atapitilila zaka 50. Amenewa si a kantemba. Ndipo aliyense amene mutu umamubwelela kawilikawili apimitse BP na maso.

Koma kwa ambili amene apimidwa n'kuuzidwa kuti zonse zili bwino, nkhani ibwelela ku mapilisi. Panado si mdani. Wamkulu asapitilile mapilisi 8 a 500 mg pa tsiku, cifukwa ukaculuka umawononga ciwindi. Brufen na diclofenac, makamaka pa mimba yopanda kanthu, amakanda cifu ndipo akhoza kuvutitsa impso na kukweza BP. Cimene ambili sadziwa ni cakuti mapilisi a mutu amabweletsanso mutu. Munthu akamamwa mankhwala wamba opha ululu masiku 15 olo kuposa pa mwezi, kwa miyezi yopitilila itatu, thupi limazolowela, ndipo mphamvu ya pilisi ikatha mutu umabwelanso kudzapempha ina. Kwa mapilisi osakaniza na caffeine olo codeine, masiku 10 cabe pa mwezi akwanila. Tengani kalenda, muziconga tsiku lililonse limene mwamwa. Mwezi ukatha welengani. Ngati mwafika pa manambala amenewa, kakambilaneni na a dokota.

Nanga ticite ciyani? Zambili n'zaulele ndipo zicitika mu basi momwemo. Mukakhala, kankhilani matako kumbuyo kwenikweni kwa mpando kuti msana utsamile. Foni ikwezeni kufika pacifuwa, cigongono citatsamila pa cikwama, ndipo ngati muli pa windo, itsekeni windoyo olo ibwezeni foni m'thumba. Nkhani za pa WhatsApp sizithawa. Basi ikaima pa maloboti, yang'anani kutsogolo, bwezani cibwano kumbuyo monga fulu abweza mutu m'cigoba, osayang'ana pansi olo kumwamba. Welengani mpaka 5, masulani, bwelezani kokwana 10. Mudzaoneka monga muli na zibwano ziwili, koma palibe amene adzakulipilitsani. Kacitidwe kameneka kamalimbitsa timinofu twa mkati mwa khosi tumene tumagwila mutu.

Poyembekeza pa sitesheni, kokelani mapewa kumbuyo na pansi monga mufuna kupana pensulo pakati pa msana, n'kumasula. Tembenuzani mutu pang'onopang'ono kumanja na kumanzele. Pendeketsani khutu kulinga ku phewa kwa masekondi 20, kenako mbali inayo. Zonsezi zicitike mofatsa. Mukamva cizungulile, olo ululu wothamangila m'dzanja na dzanzi m'zala, lekani mukaonane na a cipatala. Ku nchito, pakapita theka la ola nyamukani olo kwa mphindi imodzi. Amene muli pa kompyuta, ikani mabuku pansi pake mpaka pamwamba pa sikilini palingane na maso. Foni musaipane na phewa pokamba. Cikwama ca kumsana cili na malamba awili, sewenzetsani onse. Imwani madzi, ndipo musadumphe cakudya ca masana, pakuti ludzu na njala nazo zimaitana mutu. Ngati njila ni yabwino ndipo kukali kowala, selukani sitesheni imodzi musanafike, muyende pansi manja akugwedezeka. Kunyumba ikani thaulo yofunda pakhosi kwa mphindi 15. Pilo isakhale phili. Pogona cammbali izingodzaza mpata wa pakati pa khutu na phewa, ndipo kugona cafufumimba kumapotoza khosi usiku wonse. Musayembekeze cozizwitsa pa tsiku limodzi. Pang'onopang'ono ni mtolo: ululu unabwela motelo, udzapitanso motelo.

Pakapita milungu ingapo osasintha, pali anthu amene anaphunzilila nchito imeneyi. Ambili timaganiza kuti fiziyo ni ya odwala sitoloko, othyoka pa ngozi na anyamata a bola. Khosi nalonso ni nchito yawo. Ku UTH na ku Levy Mwanawasa kuli madipatimenti a physiotherapy, ndipo UNZA na Evelyn Hone College amaphunzitsa akatswili amenewa. Yambilani ku kiliniki ya kwanu, muwauze bwinobwino pamene pawawa na nchito imene musewenza, ndipo mufunse ngati angakulembeleni kalata ya ku fiziyo. Amene mumadulidwa NHIMA pa malipilo, nyamulani nambala yanu mufunse. Kumeneko adzayang'ana mmene khosi liyendela, adzapeza minofu yomangika na yofooka, akhoza kuifewetsa na manja olo na kutentha, ndipo adzakupatsani zocita kunyumba. Zocita kunyumbazo ndiwo mankhwala enieni. Amene apita kukatikitidwa cabe n'kuiwala homuweki amabwelela na ululu womwewo.

Cimene sinivomeleza ni kupeleka khosi kwa aliyense. Ku babashopu ena akatha kumeta amakupotozani mutu mpaka ulile kuti "khwa!" Zimamveka bwino kwa kanthawi, koma m'khosi mumapita mitsempha yopeleka magazi ku ubongo, ndipo olo kuti sizicitika kawilikawili, kupotoza kwa mphamvu kukhoza kuing'amba. Wometa amete. Mphini za pa litsipa nazonso sizingafike pa minofu imene yatopa na mpando.

Nidziwa ena akamba kale kuti, "Ivo ni va apamwamba, ise tisakila ya unga." Koma ndani amene amataya zambili khosi likakana? Wa mu ofesi atenga sick leave, malipilo abwela. Telala, woluka tsitsi, dalaiva na mayi wa pamsika akagona tsiku limodzi, kunyumba sikuphikidwa. Thupi ndilo kapito ya munthu wosauka, ndipo kubweza cibwano pa maloboti sikufuna olo ngwee imodzi.

Komabe si cilungamo kusenzetsa wokwela mlandu wonse. Simungauze munthu kuti akhale mowongoka pa mpando wacitsulo umene siponji inatha, wopanda potsamila mutu, woikidwa mothina kuti mulowe mzele wina. Eni mabasi amasamala injini na matayala cifukwa ndizo zibweletsa cashing, koma amene alipila cashing imeneyo ni anthu okhala pa mipandoyo. Opima fitinesi ya mabasi aziyang'anako mipando na mtima womwewo umene ayang'anila mabuleki, pakuti potsamila mutu pamateteza khosi galimoto ikagundidwa kumbuyo. Olemba anthu nchito nawonso, mpando wabwino na mphindi ziwili zowongola msana n'zochipa kuposa wanchito wodwala mutu sabata iliyonse.

Mipando siidzasintha mailo, ndipo jamu siidzatha mwezi uno. Koma lelo m'madzulo, basi ikaima pa maloboti, tsitsani mapewa, kwezani maso, bwezani cibwano. Woyandikana naye akakuyang'anani modabwa, muuzeni kuti nayenso ayese.