Injini Ikawira pa Mseu wa Lundazi, Wolakwa Ndani?

Mwezi wa Okutobala ukafika, mseu wocokera ku Chipata kupita ku Lundazi, mtunda wa makilomita pafupifupi 180, umayesa galimoto iliyonse. Dzuwa limaswa mtengo, ndipo malole amalemedwa ndi feteleza amene alimi afuna mvula isanagwe. Injini ikawira pa cikweza, oyendetsa amaloza cala dzuwa ndi mseu. Koma kawirikawiri vuto limayambira kunyumba, ulendo usanayambe.

Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo kumtunda monga ku Lundazi amawira asanafike pamenepo. Civindikiro ca rediyeta ndico cimapanikiza madzi kuti asawire msanga. Cikatha mphamvu, madzi amathawa ngati nthunzi. Madzi a pacitsime, opanda mankhwala ake, amabweretsa dzimbiri limene limatseka timapaipi ta rediyeta. Lamba wa fani akakhwepa, mphepo imacepa. Cotsatira cake ndi kupsa kwa gasiketi, ndipo ndalama zoikonzera zikadagula zivindikiro ndi malamba ambirimbiri.

Amene avutika si mwini galimoto yekha. Mlimi wa ku Chasefu amabzala feteleza asanafike. Wodwala wa ku Lumezi amagona m'njira.

Cotero tipempha eni magalimoto kuona madzi, lamba ndi civindikiro m'mawa uliwonse, injini ikali yozizira. Muvi wa kutentha ukakwera, imani, ndipo musatsegule rediyeta kufikira itazizira, popeza nthunzi imaocha koopsa.