ZA SAYANSI: MCERE UMENE UZIZIRA NDI MAGINITO

Mai aliyense wa kumudzi adziwa kuti madzi a mu mtsuko azizira cifukwa cinyezi cotuluka m'dothi cimatenga kutentha ndi kupita nako. Kuziziritsa cinthu ndiko kucilanda kutentha kwake. Koma kuzizira kuli ndi malire, ndiwo madigiri 273 pansi pa ziro. Palibe cinthu cingazizire kupyola pamenepo.

M'caka ca 1908, Heike Kamerlingh Onnes wa ku Leiden, m'dziko la Holland, anasandutsa mpweya wochedwa helium kukhala madzi. Madziwo anali madigiri 4 okha pamwamba pa malirewo. Kutsika kwambiri kucokera apo kunali kobvuta, kufikira Peter Debye mu 1926 ndi William Giauque mu 1927 analingalira zogwiritsa nchito maginito.

Pali zitsulo zina zochedwa rare earth, ndipo cimodzi mwa izo ndi gadolinium. Mu mcere wa citsulo cimeneci, atomu iliyonse ya gadolinium ili ngati kamaginito koloza kumene kafuna, monga mbuzi kubusa. Maginito aakulu akayandikira, timaginito tonse tiloza kumodzi ndipo mcerewo utentha. Madzi a helium acotsa kutentha kumeneko. Kenaka akatswiri apatula mcerewo kuti usakhudzane ndi kanthu, nacepetsa mphamvu ya maginito pang'onopang'ono. Timaginito timwazikananso, koma kumwazikana kufuna mphamvu. Popeza kulibe kwina koitenga, tidya kutentha kwa mcere womwewo, ndipo uzizira koposa.

Mu 1933, ku Berkeley m'dziko la America, Giauque ndi mnzake Duncan MacDougall anafika pa kota ya digiri imodzi pamwamba pa malire aja. Giauque analandira mphotho ya Nobel mu 1949.

Njirayi igwirabe nchito. Combo ca XRISM, cimene dziko la Japan linatumiza m'mlengalenga mu 2023, ciziziritsa cipangizo cake coonera nyenyezi ndi mcere ndi maginito kufika madigiri 0.05 pamwamba pa malire aja, pakuti kutentha ngakhale kocepa kungasokoneze miyeso yake.

Kuno kwathu miyala ya rare earth ipezeka pa phiri la Nkombwa m'boma la Isoka. Mwala wotere sucita cozizwitsa m'manja mwa munthu wosaudziwa. Makolo alimbikitse ana ao pa masamu ndi sayansi, kuti cuma ca m'nthaka cisakhale ca odziwa a kutali okha.