Eni Mpamba a ku Amereka Alera Okha Amabodza

Ku Silicon Valley, m'dziko la Amereka, kuli anthu achuma amene ntchito yawo ndi kupereka mpamba kwa achinyamata oyamba makampani, iwo n'kutengako gawo la umwini. Anthu ameneŵa amatamandidwa kuti ndiwo alera luso, ndipo n'zoona kuti Apple ndi Google zinakula ndi ndalama zotere. Koma kachitidwe kawo n'kofunika kukayang'anitsitsa. Amamwaza ndalama m'makampani ambirimbiri akudziŵa kale kuti ochuluka adzagwa, chiyembekezo chawo chili pa kampani imodzi imene idzabweza zonse zotayikazo. Motero munthu wofatsa, wolonjeza phindu lochepa koma lenileni, saŵakopa mtima. Amene amamufuna ndi wa pakamwa pokoma, wolonjeza zazikulu koposa, ndipo achinyamata amaphunzira msanga chimene chimalipidwa.

Elizabeth Holmes anayamba kampani ya Theranos mu 2003 ali ndi zaka 19, nasiya maphunziro pa Yunivesite ya Stanford. Iye ankati makina ake angathe kuyeza matenda ambiri ndi timadontho chabe ta magazi a pachala. Anthu achuma anathiramo ndalama zoposa madola 700 miliyoni, ndipo pofika 2014 kampaniyo inkaŵerengedwa kukhala ya madola 9 biliyoni. M'bungwe loyang'anira munali a George Shultz ndi a Henry Kissinger, akuluakulu odziŵa ndale za maiko, osati zoyeza magazi. Makinawo sankachita zimene ankanenedwa, ndipo amene anavundukula chinyengocho mu 2015 sanali mwini ndalama aliyense ayi, koma mtolankhani, John Carreyrou wa nyuzipepala ya Wall Street Journal.

Mu 2022 bwalo linapeza Holmes wolakwa pa milandu inayi yonyenga eni mpamba, nalamulidwa kukhala m'ndende zaka zoposa 11. Nanga odwala amene analandira zotsatira zosadalirika za magazi awo? Pa milandu yokhudza iwo anapezeka wosalakwa. Lamulo linayenda monga mwa umboni, inde, koma chilango chonse chinagwa chifukwa cha matumba a olemera.

Oikira kumbuyo kachitidweka amati Holmes anali mmodzi chabe wosokera. Ayambe afotokoza za Adam Neumann. Kumayambiriro kwa 2019 kampani yake ya WeWork, yobwereketsa maofesi, inkaŵerengedwa kukhala ya madola 47 biliyoni chifukwa cha ndalama za SoftBank. Itafuna kugulitsa magawo ake pamsika, anthu anaŵerenga mabuku ake napeza kuti ikutaya ndalama zoopsa. Neumann anatula pansi udindo, ndipo mu November chaka chomwecho antchito 2,400 anachotsedwa. Iye sanaimbidwe mlandu waupandu, koma kulephera kotere kukanayenera kumutsekera makomo. Sizinatero. Mu 2022 eni mpamba a Andreessen Horowitz anaika madola 350 miliyoni m'kampani yake yatsopano yotchedwa Flow, ndipo chaka chotsatira WeWork inapita ku bwalo kukavomera kuti yalephera kubweza ngongole zake.