Mmera Mpoyamba, Koma Woulimira Akuyesedwa Bwanji?

Makolo akale anati mmera mpoyamba. Mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga chikapinimbira chikadali chanthete, nkhokwe siidzadza ngakhale athire feteleza wochuluka bwanji pambuyo pake. Mwambi umenewu ndiwo unasanduka dzina la sukulu za ana aang'ono muno m'Malawi, ndipo mu 2003 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyendetsera sukuluzi. Koma dzina lokoma silinalerepo mwana.

Mphunzitsi wa pulayimale amasulidwa zaka ziwiri asanapatsidwe kalasi yakeyake. Alezi a m'sukulu zamkombaphala zakumudzi, amene ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, akhala akuphunzitsidwa masabata awiri okha, ndipo ena sanaphunzitsidweko n'komwe. Chomvetsa chisoni koposa ndi kayesedwe ka maphunzirowo. Malipoti amangowerenga mitu ya amene anafika, masatifiketi amene anagawidwa ndi masiku amene anatha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana, amene ali mwini nkhani, samvekamo.

Umboni ulipo. Kafukufuku wina amene akatswiri a World Bank anachita nawo m'sukulu 199 za m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018, anayesa anawo mmalo mowerenga mapepala. Kumene alezi okha anaphunzitsidwa, kalasi inaoneka bwino, koma ana sanapose anzawo. Kumene makolo nawonso anaphunzitsidwa, ana anatsogola pa kayankhulidwe. Patatha zaka zitatu, ngakhale kutsogolako kunazimirira. Wowerenga masatifiketi akanangoomba m'manja osadziwa zonsezi.

Akale sankapusitsidwa chotere. Woumba mbiya ankatamandidwa mbiyayo ikatuluka pamoto yosasweka n'kusunga madzi. Namkungwi sankaonetsa pepala. Mudzi unkaona mayendedwe a namwali amene iye analangiza, ndipo namwali akachita chipongwe, manyazi ankagwera mlangiziyo. Mwana nayenso sankaleredwa ndi munthu mmodzi, pakuti nthano za agogo madzulo ndi zilape za pabwalo zinali sukulu ndithu. Mutu umodzi susenza denga.

Choncho woyesa maphunziro a alezi atuluke muofesi, akakhale pamphasa pamodzi ndi ana. Amve ngati mwana wa zaka zinayi angafotokoze nthano kuyambira poyamba mpaka pothera, angamasulire chilape, angawerenge nyemba mpaka khumi, ndiponso ngati angadikire mnzake pamzere wa phala. Afunsenso makolo zimene akuchita ndi mwanayo kunyumba. Chaka chikatha abwererenso kukaona ngati mlezi wophunzitsidwa uja akadalipo, chifukwa munthu wopanda malipiro amapita kukasaka ganyu njala ikavuta, ndipo luso limapita naye. Bungwe limene silingayankhe mafunso amenewa lisanene kuti laphunzitsa alezi. Langochititsa msonkhano.