Wolakwa Ndi Wosunga, Osati Mankhwala

Amoniyamu naitireti ndi mankhwala a timibulu toyera. Mlimi amawathira m'munda ngati feteleza, pomwe a m'migodi amawasakaniza ndi dizilo pofuna kuswa matanthwe. Koma pa 4 Ogasiti 2020, nyumba imene adasungamo matani 2,750 a mankhwalawa idaphulika padoko la Beirut ku Lebanon. Anthu oposa 200 adafa ndipo pafupifupi 300,000 adasowa pogona.

Ena amati mankhwala otere angoletsedwa. Maganizo amenewa ngoperewera. Kodi mwana akadzicheka, mlandu timazenga mpeni? Mankhwalawa saphulika chisawawa. Amafuna moto waukulu, makamaka akaunjikidwa pamalo otsekeka. Ku Beirut adakhala m'nyumbamo kuyambira 2014. Akuluakulu a kasitomu adalemba makalata ochenjeza kangapo, koma palibe adawachotsa. Chidapha anthuwo ndi mphwayi za anthu audindo.

Kuletsa kungalange mlimi wosalakwa, wonyalanyaza n'kupulumuka. Choncho maboma aziyendera mosungiramo mankhwalawa, aziwaika kutali ndi moto ndi nyumba za anthu, ndipo wogona pantchito azizengedwa mlandu ngozi isanagwe. Paja pepani sapoletsa chilonda.