Ndidagwa ku Japan, ku Senga Bay ndikuchita manyazi

Lolemba lapitali Tadala wanga adabwera kuchokera kusukulu ndi kapepala kopindapinda, konyowa ndi thukuta la m'manja. Aphunzitsi aakulu akuitana makolo ku tsiku la masewero Lachisanu likudzali. Kumunsi kwake alembako ndi bolopeni kuti kudzakhalanso mipikisano ya makolo: abambo kukokana chingwe, amayi kuthamanga ndi botolo pamutu.

"Amayi, mudzathamanga eti?"

"Tiona," ndidatero uku ndikusankha mpunga.

Mwana wa ku Malawi amadziwa kuti "tiona" ndi "ayi" wovala chitenje. Adaima kanthawi, kenako n'kunena motsitsa mawu: "Koma ku Japan mudathamanga. Vidiyo ija ndidaionera."

Apa ndiye adandigwira pakamwa. Vidiyoyo ilipodi, ili mufoni ya bambo ake, ndipo sinditulukamo bwino ayi.

Amene mwayamba kuwerenga tsamba lino chaposachedwa mwina simudziwa kuti ndidakhalako zaka ziwiri ku Japan. Bambo a Tadala adapeza mwayi wa maphunziro kuchokera ku boma la kumeneko, ine n'kuwatsatira. Munthu wopita ngati mkazi wa wophunzira amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 28 pa sabata akatenga chilolezo. Poti uphunzitsi ndi ntchito yanga, ndidapeza malo othandizira mphunzitsi wa Chingerezi pasukulu ina ya ana a zaka 12 mpaka 15, m'katauni kakang'ono pachilumba cha Kyushu. Alendo ogwira ntchito yotereyi ndi ambiri kumeneko. Boma lawo lili ndi ndondomeko ya JET yomwe idayamba mu 1987, ndipo ena amalembedwa kudzera m'makampani kapena m'makhonsolo.

Chaka cha sukulu chimayamba mu Epulo. Kuyambira Epulo mpaka tchuthi cha mu Julayi ndidalimbana ndi chinthu chomwe sindidachiyembekezere: bata. Anawo kulemba amalemba bwino, mwaukhondo, malamulo a chiyankhulo akuwadziwa. Koma ukafunsa funso loti ayankhe ndi pakamwa, maso onse padesiki, kalasi yonse zii. Ine ndidakulira nthawi yomwe kusukulu ukamveka ukuyankhula Chichewa umalembedwa dzina, madzulo n'kukatchetcha udzu. Tinkayankhula Chingerezi chifukwa cha mantha. Anawa sankaopa chikwapu, poti kulibe. Ankaopa kulakwitsa anzawo akumva.

Padali mnyamata wina wa pampando wakumbuyo, wamtali, tsitsi lofika m'maso. Miyezi inayi yathunthu sindidamve mawu ake.

Titatsegulira mu Sepitembala sukulu yonse idasanduka ina. Ankakonzekera undokai, tsiku lalikulu la masewero. Ana amagawidwa m'magulu, nthawi zambiri ofiira ndi oyera, ndipo aliyense amakhala ndi chochita. Chidandidabwitsa n'chakuti ntchito yambiri amagwira ndi ana eniake. Kulemba mizere ya laimu pabwalo, kunyamula mipando, kulengeza pa chinkuzamawu, kuwerenga mapointi, zonse ana. Aphunzitsi amangoyang'anira. Patsikulo makolo amalawirira kudzayala timikeka m'mbali mwa bwalo, agogo nawo ali pomwepo, atanyamula chakudya m'timabokosi totchedwa bento. Mwambo umayamba ndi majowajowa otsatira nyimbo ya pawailesi, ndipo aphunzitsi aakulu, bambo aimvi, amatambasula manja limodzi ndi ana osaona chachilendo.

Mnzanga wina wa mustafu adandiseka tsiku lina kuti, "Izitu mudayambitsa ndi inu aphunzitsi a Chingerezi." Ankanena zoona pang'ono. Mpikisano woyamba wa mtunduwu udachitika mu 1874 pasukulu ya asilikali a pamadzi ku Tokyo, komwe kunkaphunzitsa Angerezi, ndipo mu 1883 mphunzitsi wa Chingerezi wochokera ku England, Frederick William Strange, adakonzera ophunzira ake mpikisano wina mumzinda womwewo. Lero chinthucho n'chachijapani kotheratu.

Masewero ake ena ndi oti wosathamanga naye apezepo mbali. Kuli kuponya timipira mudengu lomangidwa pamwamba pa mtengo. Kuli kukokana chingwe. Kuli wina womwe ine ndidangoutcha wa bongololo, pomwe ana angapo amamangidwa miyendo pamzere umodzi, mmodzi akaphonya sitepe onse gwede pansi.

Tsono padali mpikisano wopatsirana kamtengo, aphunzitsi kupikisana ndi ana a kalasi yomaliza. Dzina langa adalilemba osandifunsa bwinobwino, ndidangomva "sensei, mwakonzeka?" Abale anzanga, ine ndidali ndisadathamangepo pamaso pa ophunzira anga chibadwire. Kwathu kuno mphunzitsi wamkazi amaima pamthunzi ndi kaundula m'manja.

Ndidalandira kamtengo, n'kuliyatsa liwiro. Pokhota, phazi lidaterereka. Ndidagwa chafufumimba, fumbi koboo, kamtengo uko, nsapato imodzi uko. Kwa kamphindi ndidalakalaka nthaka itang'ambika. Kenako ndidamva phokoso kuchokera ku matenti a ana: "Donmai! Donmai! Faito!" Ndi mawu omwe adabwereka ku Chingerezi n'kuwapinda mwa iwo okha, oti usadandaule, limba mtima. Akadawalemba m'kope ndikadawadula ndi bolopeni yofiira. Tsiku limenelo adandidzutsa. Ndidamaliza wotsiriza, nsapato imodzi, bondo likuchucha magazi, makolo akuomba m'manja ngati ndapambana.

Titabwerera m'kalasi, mnyamata wa kumbuyo uja adandipeza pakhonde. Adayang'ana uku ndi uku kaye, kenako n'kufunsa m'Chingerezi cha mawu atatu okha ngati bondo lili bwino. Chiganizo chake chidali chopanda mneni. Ndidamuyankha ngati wayankhula Chingerezi cha ku London.

Ndisakunamizeni kuti kuyambira pamenepo kalasi yonse idamasuka. Ambiri adakhalabe chete. Koma anayi kapena asanu adayamba kuyesa, ndipo akalakwitsa wina ankanong'ona "donmai", tonse n'kuseka. Pofika nthawi ya bunkasai, chikondwerero cha zaluso chomwe chimabwera cha mu Okutobala kapena Novembala, pomwe makalasi amapikisana kuimba kwaya ndi kuchita zisudzo, atsikana ena adandipempha ndiwaphunzitse masewero a kwathu. Ndidawaonetsa fulaye ndi mpira wa mapepala. Pokangana kuti mpira wamukhudza kapena ayi, adayankhula Chingerezi chochuluka kuposa cha teremu yonse.

Sikuti zonse za kumeneko n'zosiririka. Aphunzitsi anzanga ankaweruka usiku, masabata okonzekerawo atatopa ngati akokedwa pansi. Masewero osanjikizana ana pamwamba pa anzawo adavulaza ambiri moti sukulu zambiri zidawasiya. Ndipo mwana wonenepa kapena wamanyazi tsikulo amaliopa kuyambira mwezi wathunthu. Zimenezo ndidaziona ndi maso.

Tibwerere kuno kunyanja. Kodi ife makolo timapita liti kusukulu ya ana athu? Ine ndikawerenga maulendo anga, ndi a msonkhano wa ndalama za chitukuko, a kuumba njerwa, ndi tsiku lomwe mchimwene wake wa Tadala adamenyana ndi mnzake. Mwana akaona mayi ake pageti, mtima umagunda, amadziwa kuti kwagwa mlandu. Anthu odzipereka a ku Japan akhala akubwera kuno kudzera ku JICA kuyambira 1971, ndipo ena mwa iwo adachititsapo undokai m'sukulu za kuno. Koma kunena zoona, palibe chomwe tingaitanitse kunja. Chingwe chili mbwee ku Nguwo. Abambo omwe amakoka khoka m'mamawa uliwonse angagonje kwa ndani pokokana? Mabotolo ndi matumba tili nawo, bwalo lilipo, ana ojijirika oti n'kulemba mizere ndi phulusa alipo.

Nanga ineyo chikundivuta n'chiyani? Ndaganiza sabata yonse, ndipo yankho silikundikomera. Ku Kyushu kudalibe wondidziwa. Kugwa pamaso pa alendo n'kosavuta, umadzuka n'kusasa fumbi, mawa lake ndi nkhani yoseketsa. Pano m'mbali mwa bwalo mudzakhala apongozi anga, omwe amagulitsa zitumbuwa pafupi ndi sukulupo. Mudzakhala amayi a kutchalitchi omwe amandipatsa mpando wakutsogolo. Mudzakhala aja amanditcha "mayi a ku Japan", theka mwaulemu theka mwachipongwe. Botolo likadzagwa, nkhani idzafika pa Salima boma dzuwa lisanalowe.

Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi mawu a aphunzitsi a Tadala teremu yatha. Chiyambireni Sitandade 5, pomwe maphunziro amasinthira m'Chingerezi, mwanayu adaleka kukweza mkono. "Amadziwa mayi, mayeso akulemba bwino, koma pakamwa ndiye ayi," adatero. Ndidabwera kunyumba n'kumukalipira kuti asiye manyazi, kulakwitsa si mlandu. Iye adangondiyang'ana. Mwana ameneyu sadandionepo ndikulakwitsa kanthu pagulu, kupatula muvidiyo ya dziko lakutali, pamaso pa ana a eni.

Dzulo m'bandakucha ndidatenga botolo la Fanta n'kutsikira kumchenga, poganiza kuti kulibe anthu. Ndidaiwala kuti nthawi imeneyo ndiyo asodzi a usipa amakocheza. Mwera ukuwomba, chilumba cha Namalenje chikungooneka mwa chizimezime, ine ndili yakaliyakali ndi botolo pamutu. Lidagwa katatu. Ine amene ndinkasenza ndowa yodzaza kuchokera kunyanja osagwirira! Anyamata a pabwato adafa nalo phwete. Mkulu wina wachikulire yemwe ankasoka ukonde adandikodola.

"Mayi, thiranimo mchenga pang'ono, lopanda kanthu limapepuka. Ndipo musamayang'ane pansi."

Ndidathiramo, ndipo ndidafika pabwato lachitatu lisadagwe. Kaya Lachisanu adzalola mchenga, kaya.

Madzulo ndidauza Tadala kuti akalembetse dzina langa. Sadayankhe kanthu, adangotuluka panja, ndipo ndidamumva akuuza mnzake wa nyumba yoyandikana nafe. Kenako ndidatembenukira kwa bambo ake, omwe vidiyo ija amaionetsa kwa mlendo aliyense wobwera pakhomo pano.

"Nanga inu bambo a Tadala, chingwe chija mukakoka?"

Adakweza wailesi pang'ono.

"Tiona."