Mako ndi mako, ngakhale adachokera kutali

Ana inu a ku Dwambazi, tcherani khutu. Kuno ndi pamalire: mukaoloka mlatho pamsewu wa M5 ndiye kuti mwalowa m'boma la Nkhata Bay. Ntchito ya shuga itayamba ku Dwangwa m'zaka za m'ma 1970, anthu a ku Mulanje, Thyolo ndi Nsanje adadza kudzadula nzimbe, ambiri nakwatira konkuno. Adzukulu awo ndinu. Nanga manyazi obisa kwanuwa abwera bwanji?

Onani zochitika pachinkhoswe masiku ano. Mnyamata apempha mnzake wa kumpingo kuti amuimire ngati nkhoswe, atsibweni ake enieni ali moyo ku Phalombe, kuopa kuti akangotsegula pakamwa aulula kwawo. Agogo akabwera kudzacheza amawayalira mphasa kuseri kwa khitchini, kondowole n'kudyera komweko okhaokha, alendo akafunsa akuti "ndi gogo wina wa kumudzi." Mkazi amaona zonsezi. Mumtima amati, wokana gogo wake lero, mawa adzakana ine. Akulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Sindikukuweruzani nokha, pakuti manyaziwa ndi cholowa. Alomwe atachoka ku Mozambique kudzagwira thangata m'minda ya azungu ankanyozedwa kuti ndi Anguru, mpaka ambiri adasiya kuphunzitsa ana chinenero chawo. Kuno ku Nkhotakota, komwe Jumbe Salim bin Abdallah adayamba malonda a akapolo m'ma 1840, mkangano wa dimba ukakula wina amafukulabe za ukapolo wa agogo a mnzake. Chilonda chotere sichipola ndi kuchibisa.

Koma mlandu waukulu uli ndi inu apongozi, amene mkamwini akalakwa pang'ono mumati "ndi momwe alili obwera." Mwaiwala kodi kuti amuna a m'mphepete mwa nyanja ino adadzaza migodi ya ku Joni ndi mapulazi a ku Rhodesia, nakhala obwera kumeneko? Ena adasanduka matchona, ndipo adzukulu awo ku Harare nawonso amabisa zoti ndi a kuno.

Tsiku la maliro bodza limatha, chifukwa chibale ndi fupa, sichiola. Abale a kumudzi amatulukira ndi katundu wawo pamutu, ana n'kumaphethira maso osadziwa kuti akulira ndi yani.

Tsono inu anyamata, musanapereke chilichonse kuchikazi, sungani ya basi, mutenge bwenzi lanulo akaone mudzi wa makolo anu ndi kupatsa moni atsibweni.